TAYALA LA MANO AAKULU SI NDILO LOYENERA GALIMOTO IRIYONSE

Kale galimoto imene inali kuoneka m'midzi ya m'cigawo ca Kum'mawa inali Land Rover ya boma, kapena lole yodzatenga cimanga pa depoti. Masiku ano sikulinso tero. Aphunzitsi, anchito a m'zipatala zazing'ono, eni magolosale ndiponso alimi amene apindula ndi soya, fodya kapena mtedza, ambiri a iwo ali ndi magalimoto ao-ao, aang'ono koma otalikirako pansi, monga Toyota RAV4, Nissan X-Trail, Honda CR-V ndi Suzuki Escudo. Ambiri mwa magalimoto amenewa anagulidwa atayenda kale ku Japan, natsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Nakonde.

Pa mudzi galimoto yotere siikhala ya mwini wace yekha. Ndiyo imathamanga usiku ndi mai wapakati kunka naye ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena ku Kamoto, ndiyo imatenga feteleza mvula isanagwe, ndiyonso imanyamula anamfedwa pa maliro. Tsono kulemera konse kwa galimotoyo, pamodzi ndi anthu ali m'katimo, kumatsamira pansi pa malo anai okha, ndipo malo alionse ndi aakulu ngati dzanja la munthu wamkulu atalitambasula. Cifukwa cace matayala akatha, kusankha ena sikuyenera kusiyidwa m'manja mwa wogulitsa yekha. Matayala anai amadya ndalama ya matumba ambiri a cimanga, ndipo munthu akalakwitsa posankha amayenda ndi colakwaco zaka ziwiri kapena zitatu.

MATAYALA OBWERA NDI GALIMOTO

Coyamba ndico kuyang'anitsitsa matayala amene galimoto inabwera nao. RAV4 inayamba kupangidwa mu 1994, CR-V mu 1995 ndipo X-Trail mu 2000, ndipo opanga ace anali kuganizira munthu wa m'tauni amene amatuluka pa phula mwa kamodzi-kamodzi. Motero matayala ace ambiri ndi a mtundu wa H/T, a mizere yaing'ono ndi mphira wopyapyala m'mbali. Pa phula amayenda mwakacetecete ndiponso samwetsa petulo wambiri, koma mwala wakuthwa kapena citsa cotsala m'mphepete mwa njira ya ngolo cimang'amba tayala lotere mosabvuta.

Palinso msampha wina umene wakola anthu ambiri. M'madera ena a ku Japan kumazizira koopsa kotero kuti miseu imakutidwa ndi madzi oundana, ndipo eni magalimoto kumeneko amaika matayala a nyengo ya cisanu. Galimoto ikagulitsidwa kunja, kawiri-kawiri imabwera itabvala matayala omwewo. Munthu poona mano akuya ndi timizere tambiri-mbiri tokhota-khota amayesa kuti watola mwai, wapeza matayala a m'matope. Si a m'matope iai. M'mbali mwace mumalembedwa liu lakuti STUDLESS, ndi maina monga Blizzak, iceGUARD kapena Winter Maxx. Mphira wace anaupanga wofewa dala kuti usaume ndi cisanu, cotero pa phula lotentha la mu Okutobala umatha msanga ngati sopo woiwalidwa m'madzi, ndipo dalaivala akaponda mabuleki galimoto imapitirira mtunda wotalikirapo isanaime, maka-maka mseu ukanyowa. Amene ali ndi matayala otere asacite kuyembekeza kuti ayambe atha mano.

MAGULU ATATU

M'masitolo a matayala ku Chipata kapena ku Lusaka, mwini galimoto ya mtundu uwu amapeza matayala a magulu atatu, ndipo gulu lirilonse liri ndi zilembo zace. H/T ndi la pa phula, lija lachulidwa kale. M/T ndi la m'matope, la mano akulu-akulu otalikirana ngati a thalakitala. Pakati pa awiriwa pali A/T, kufupikitsa mau akuti All-Terrain, ndiko kunena tayala la pa njira iriyonse. Mtundu umenewu unayamba kuchuka mu 1976 pamene kampani ya BFGoodrich ya ku America inatulutsa tayala lace loyamba lotere. Mano ace ndi akuya kuposa a H/T, mipata yace imalavula timiyala ndi matope ocepa, ndipo mphira wa m'mapewa mwace ndi wocindikala kuti upirire miyala.

Maso a anyamata amakonda kugwera pa M/T, popeza galimoto ikabvala matayala amenewo imaoneka yaukali. Koma wogula ayambe wawerenga bwino maulendo ace eni-eni. Mseu wa Great East kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi wa makilomita pafupi-fupi 570, ndipo wonsewo ndi wa phula. Miseu yocokera ku Chipata kunka ku Lundazi ndi ku Mfuwe nayonso inathiridwa phula. Mlimi wokhala makilomita 20 kucokera pa Sinda akafuna kupita ku Chipata amayenda makilomita 20 pa fumbi ndi oposa 100 pa phula. Pa phulapo tayala la M/T limalira ngati cigayo, limatha msanga, limaonjezera petulo, ndipo mvula ikagwa siligwira bwino pansi cifukwa mphira wogunda mseu ndi wocepa. Munthu wotere akagula M/T ndiye kuti walipira ndalama zambiri cifukwa ca masiku owerengeka a mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo adzabvutika miyezi ina yonse. Kwa mabanja ambiri a kumidzi, tayala la A/T la mano apakati-kati ndilo likwanira.

Maina a matayala a A/T ndi ambiri: Grabber, Geolandar, Grandtrek, Dueler, Wrangler ndi ena otero. Acikulire akumbukira kuti ku Ndola kunali fakitale ya Dunlop imene inali kupanga matayala m'dziko mwathu muno, koma inatsekedwa. Lero ambiri amacokera ku South Africa, kumene kuli mafakitale ku Ladysmith, Brits ndi Gqeberha, ndiponso ku China, Thailand ndi Japan. Dzina lodziwika liri ndi phindu lace, komabe tayala la dzina labwino likakhala la saizi yolakwika siliposa lopanda dzina.

MANAMBALA A PA CITSEKO

Pa citsulo cimene citseko ca dalaivala cimatsekerapo pali kapepala komatidwa ndi opanga galimoto. Mau ace angakhale a Cijapani, koma manambala ace munthu aliyense angathe kuwawerenga. Kapepala kameneko kamanena saizi ya tayala ndi mpweya woyenera, ndipo ndiko kayenera kukhulupiriridwa koposa matayala amene ali pa galimoto, pakuti mwini wace wakale angakhale anaika olakwika.

Pa RAV4 zambiri zakale pamalembedwa 215/70 R16. Nambala yoyamba, 215, ndiyo kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yaciwiri, 70, imanena kuti khoma la m'mbali mwa tayala, kucokera pa limu kufika pa mano, ndi magawo 70 pa 100 a kutambalala kuja, ndiko kuti mamilimita pafupi-fupi 150. Cilembo ca R cimasonyeza mmene nsambo za m'kati mwa tayala zinayalidwira, ndipo 16 ndiwo mainchesi a limu. Tayala la 16 silingalowe pa limu ya 15 kapena ya 17, ngakhale woika akhale wa mphamvu motani.

Ciyeso cacikulu ndico kugula tayala lalitali kuposa lolembedwa, pofuna kuti galimoto ikwere msinkhu isamagunde pansi. Apa masamu ndi amene ayenera kuweruza. Tayala la 215/70 R16 likaimirira ndi lalitali mamilimita 707. La 225/75 R16 ndi mamilimita 744. Kusiyana kwace ndi mamilimita 37, koma galimoto imakwera ndi theka lokha la cimeneco, mamilimita 18, kunenepa kwa cala cacikulu ca ku dzanja. Mtengo wa kukwera pang'ono koteroko ndi waukulu. Tayala limayamba kukhula m'kati mwa madigadi pokhota kapena galimoto ikalemedwa. Injini yaing'ono imatopa pa zitunda, monga zija za ku Manenekela pa njira ya ku Lusaka, ndipo mabuleki amagwira nchito yoposa muyeso wace potsetsereka. Wochi ya liwiro nayo imayamba kunama: ikasonyeza makilomita 100 pa ola, galimoto iri pa 105. Apolisi a pa mseu sadzamva zakuti colakwa ndi ca tayala.

Amakanika ambiri amalola kusiyana kosapitirira magawo 3 pa 100. Mwacitsanzo 225/70 R16, imene ndi mamilimita 721, imaposa saizi yolembedwa ndi magawo 2 okha. Ngakhale pamenepo, tayala limodzi liyenera kuyesedwa kutsogolo ndalama isanaperekedwe, ndi kupotoza ciongolero mpaka pothera mbali zonse ziwiri kuti aone ngati silikhula paliponse.

Kumene munthu wa kumudzi angapindule popanda kuononga kanthu ndi pa limu. Galimoto imodzi yomweyo nthawi zina inatuluka ndi malimu a misinkhu iwiri. X-Trail zina ziri ndi 215/65 R16, zina 215/60 R17. Matayala awiriwa kutalika kwao kuli pafupi-fupi cimodzi-modzi, koma khoma la loyamba ndi mamilimita 140 pamene la laciwiri ndi 129. Khoma lalitali limameza bwino mabampu ndi makwinya a mseu wa miyala, ndipo tayala likagwera m'dzenje limu siifulumira kupindika. Malimu aakulu onyezimira ndi okoma m'maso pa mseu wa Cairo ku Lusaka. Ku Vubwi kapena ku Chama amangothyoka.

KATUNDU

Pambuyo pa saizi pamabwera nambala ina ndi cilembo, monga 99S kapena 100H. Anthu ambiri saziyang'ana, pamene ndizo zimanena mphamvu ya tayala. Nambala 96 itanthauza kuti tayala limodzi linganyamule makilogramu 710, nambala 99 ndi makilogramu 775, nambala 100 ndi 800, ndipo 102 ndi 850. Cilembo cimanena liwiro limene tayala lingapirire: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210. Palibe munthu wa nzeru zace amene angathamange cotero pa miseu ya kuno, yodzala ng'ombe, njinga ndi ana a sukulu, cotero pa ziwirizi cacikulu ndi nambala ya katundu. Siiyenera kutsika pa imene opanga galimoto analemba. Kukwera ingakwere.

Komabe tayala lamphamvu silisandutsa galimoto yaing'ono kukhala lole. Magalimoto a msinkhu uwu anapangidwa kuti azinyamula makilogramu a pakati pa 400 ndi 500, kuwerengera pamodzi ndi anthu okwera. Akulu-akulu asanu a makilogramu 70 ali yense akwana kale 350. Malo otsala ndi a matumba osapitirira atatu a makilogramu 50, osati asanu ndi atatu monga zimaoneka pa nthawi yotenga feteleza. Katundu wopitirira amatenthetsa matayala a kumbuyo, ndipo ndi amene amayamba kuphulika.

M'gulu la A/T muli matayala ena olembedwa LT patsogolo pa saizi. Amenewa anapangidwira magalimoto olemera monga Land Cruiser ndi Hilux. Khoma lace ndi locindikala, ndipo zitsa ndi miyala sizilowa msanga. Koma tayala lirilonse lotere limalemera makilogramu angapo kuposa linzace la saizi yomweyo, limafuna mpweya wambiri kuti linyamule katundu wofanana, ndipo pa galimoto yopepuka limagwedeza anthu, kutopetsa mashoko ndi kuonjezera petulo. Munthu wa ku cigwa ca Luangwa amene ulendo wace wonse ndi wa miyala ndi zitsa za mitengo ya mopane, ndipo wataya kale matayala angapo cifukwa cong'ambika m'mbali, angapeze kuti LT imubwezera ndalama yace. Kwa ena onse, tayala la A/T lolembedwa XL kapena Reinforced liri ndi mphamvu yokwanira popanda kulemera konseko.

TAYALA LIMAKALAMBA NGAKHALE LISANAYENDE

Mphira umauma ndi zaka, ngakhale tayala litangokhala m'sitolo. Tsiku limene linapangidwa limalembedwa m'mbali: pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT, kumapeto kwace kuli manambala anai. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. Motero 2322 itanthauza sabata la 23 la caka ca 2022. Kalembedwe kameneka kanayamba mu 2000, ndipo tayala la manambala atatu okha ndi la zaka za m'mbuyo mwa pamenepo, loyenera kukhala comwera nkhuku. Makampani ena opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 5 liziyang'anidwa ndi katswiri caka ndi caka, ndipo likafika zaka 10 licotsedwe ngakhale mano akali abwino. Ku malo otentha monga ku Mambwe ndi ku Nyimba, mphira umakalamba msanga koposa pamenepo. Wogula ali ndi ufulu wopempha kuona manambala amenewa pa tayala lirilonse la anaiwo, ndipo wogulitsa wacilungamo sakana.

Matayala ogwirapo kale nchito, ogulitsidwa ngati salaula m'mphepete mwa mseu, amakopa cifukwa ca mtengo. Bvuto lace ndi lakuti mbiri yace siidziwika. Tayala limene linayendapo lopanda mpweya limaonongeka m'kati pamene kunja likuoneka labwino. Ena amatenga tayala lotha ndi kulisemanso mizere ndi mpeni wotentha, kufikira pafupi ndi mawaya a m'kati. Ming'alu ing'ono-ing'ono m'mbali, cotupa ngati cithupsa, kapena cigamba pa khoma, zonsezi ndi zizindikiro zakuti tayalalo lisagulidwe. Bowo la msomali pa mano limamatika bwino. Kung'ambika kwa pa khoma sikumatika, ndipo kuika chubu m'kati ndi njira yongofikira pa galaja.

Tayala lirilonse liri ndi timizere todutsa m'kati mwa mipata ya mano, totalika mamilimita 1.6. Mano akatha kufikira kulingana ndi timizereto, tayala latha. Oyesa magalimoto a bungwe la RTSA amayang'ana matayala pamene galimoto yapita kukayesedwa, koma pa matope tayala limaleka kugwira kale-kale lisanafike pamenepo.

ANAI OFANANA, NDI LACISANU

Pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anai, matayala ayenera kukhala a saizi imodzi, a mtundu umodzi, ndiponso otha molingana. Tayala lotha ndi lalifupi, cotero limazungulira msanga kuposa latsopano, ndipo zitsulo zimene zimagawa mphamvu pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo zimagwira nchito kosapuma kufikira zitatentha. Kukonza zitsulo zimenezo kumadya ndalama yoposa ya matayala awiri. Ngati ndalama ingokwanira awiri, onse awiri aikidwe kumbuyo kapena onse kutsogolo, ndipo akatswiri a matayala amalangiza kuti atsopano apite kumbuyo, pakuti mawilo a kumbuyo akaterereka galimoto imatembenuka ndipo dalaivala alibe cocita. Kusinthanitsa a kutsogolo ndi a kumbuyo pa makilomita 10,000 alionse kumathandiza kuti onse athere pamodzi.

Sipeya imaiwalika. Pa RAV4 ndi CR-V zakale imakhala pa citseko ca kumbuyo, padzuwa caka conse, ndipo tsiku lofunika imapezeka yong'aluka. Magalimoto ena amabwera ndi kasipeya kopyapyala kamene kamafuna mpweya wa 420 kPa ndipo sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Kameneko kanapangidwira munthu amene galaja liri pafupi. Wa kumudzi afunika tayala lacisanu la saizi yofanana ndi anzace, ndipo ayese ngati likwana m'malo mwace asanacoke pa sitolo.

MPWEYA

Tayala labwino limafa msanga ndi mpweya wolakwika. Muyeso woyenera uli pa kapepala kaja ka pa citseko, ndipo pa magalimoto ambiri otere umakhala pakati pa 200 ndi 230 kPa. Ma 200 kPa ndi cimodzi-modzi ndi 2.0 bar, kapena 29 psi pa geji zina. Nambala yolembedwa pa tayala penipeni pambali pa mau akuti MAX PRESS ndi malire amene sayenera kupyoledwa, si muyeso woyendera. Kumenya tayala ndi nkhonya kapena ndi sipanala, monga amacitira omata ena, sikungauze munthu kanthu. Kageji ka m'thumba ndi kochipa kuposa tayala. Mpweya uyesedwe m'mawa galimoto isanayende. Ukakwera pa ulendo cifukwa ca kutentha usacotsedwe, pakuti umatsika wokha tayala likazizira. Tayala locepa mpweya limapindika-pindika poyenda ndi kutentha m'kati mpaka mphira kulekana ndi mawaya, ndipo ku cigwa, kumene mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, zimenezi sizicedwa.

Pa mcenga wakuya, monga powoloka mtsinje wouma, kucepetsako mpweya kumathandiza kuti tayala litambalale lisamire. Koma wocita zimenezi akhale ndi pampu m'galimoto, ngakhale yopopa ndi phazi, kuti abwezeretse mpweya asanakwere pa phula.

Pali zina zimene tayala la A/T silingathe. Pa dothi lakuda la makande likanyowa, matope amamata m'mipata ya mano mpaka tayala kusalala ngati mbiya. Mimba ya magalimoto awa iri masentimita pafupi-fupi 20 okha kucokera pansi, ndipo m'mikwasa ya malole a thonje imakhala pansi mawilo ali m'mwamba. Escudo zakale, Jimny ndi Pajero iO ziri ndi giya yapadera yokokera pang'ono-pang'ono m'malo obvuta, koma RAV4, CR-V ndi X-Trail ziribe. Ndiponso si zonse zimene zimakoka ndi mawilo anai: zambiri zocokera ku Japan zimakoka ndi a kutsogolo okha, ndipo munthu angadziwe posuzumira pansi ngati pali citsulo cacitali copita ku mawilo a kumbuyo. Pa mtsinje wodzala tayala liribe thandizo konse, pakuti injini ikamwa madzi imafa pomwepo.

Nthawi yabwino yogulira ndi pamene ndalama za zokolola zalowa, mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti mano akhale akali akuya pamene mvula iyamba mu Novembala. Poika matayala atsopano, mavalavu nao asinthidwe, mawilo abalansidwe ndi kuongoledwa pa makina, pakuti galimoto yoyenda miseu ya makwinya imapotoka miyendo ndi kudya tayala mbali imodzi. Lisiti lisungidwe, ndipo manati a mawilo amangidwenso galimoto itayenda makilomita 50 oyamba.